Tiyi wa 4 koloko ku London: kodi ndi wa mabwana okha?

Azakhali anga adathyola tiyi ku Mulanje kwa zaka zoposa 20. Malemu amuna awo adali khukhi kunyumba ya manijala wa esiteti, ndipo tsiku lililonse nthawi ikamati 4 koloko madzulo ankavala zoyera, nkunyamula thireyi ya tipoti, makapu ndi masikono kupita nayo pakhonde pomwe bwana ndi dona wake ankapolapo mphepo. Azakhali zonsezi ankangozionera patali, dengu lili kumsana.

Tsono m'chaka cha 2024 mwana wawo, yemwe ndi namwino ku Mangalande, adawaitanitsa kuti akaone mdzukulu wobadwa kumene. Ine panthawiyo nkuti ndili ku London komweko pa maphunziro. Gogoyo sadapemphe zambiri. Za nyumba ya mfumu kapena wotchi yotchuka ija ya Big Ben adalibe nazo ntchito.

"Iwe mwana wa achimwene," adandiitana tsiku lina, "ndisanabwerere kumudzi ndikufuna ndikamweko tiyi uja wa 4 koloko. Ine nditakhala pampando, wina andibweretsere pa thireyi."

Ndidavomera mosaganiza kawiri. Msuweni wanga ali ndi khanda m'manja sakadatha kuzungulira nawo mumzinda, ndiye udindo udagwera ine. Komanso mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Ndikadadziwa, bwenzi nditayamba ndapisa m'thumba ndisanatsegule pakamwa.

Usiku womwewo ndidakhala pa kompyuta kufufuza mitengo. Abale inu, ndidachita kutuluka thukuta kunja kukuzizira. Ku hotela ya Ritz, yomwe ili mumsewu wa Piccadilly ndipo idatsegulidwa mu 1906, tiyi wa madzulo m'chaka chimenecho adali pa mtengo woposa mapaundi 70 munthu mmodzi. Malo umayenera kusungitsiratu, nthawi zina kukadali masabata angapo. Bambo aliyense avale jekete ndi tayi, ndipo jinzi kapena nsapato zothamangira saloleza. Ku Savoy ndi ku Claridge's mitengo yake idali ya mtundu womwewo.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Nthawi imeneyo paundi imodzi kubanki inkaposa K2,000. Ndiye kuti tiyi wa munthu mmodzi adali ndalama yoposa K140,000, pomwe malipiro otsikitsitsa omwe boma lidakhazikitsa kuno kumudzi chaka chomwecho adali K90,000 pamwezi. Munthu kugwira ntchito mwezi wathunthu ndi theka, malipiro onse nkuthera pa tebulo limodzi dzuwa lisanalowe! Kwa ine mwana wasukulu, tiyi wa anthu awiri idali ndalama yanga ya chakudya ya masabata angapo.

Koma nanga ndikadawauza chiyani azakhali? Kuti tiyi yemwe adawathyola msana alibe naye gawo ngakhale atafika kwawo kwa eni mwambo? Ndidatsimikiza mtima kuti zivute zitani ndimusaka tiyi ameneyu mpaka ndimupeze pa mtengo wa ife amphawi.

Poyamba ndidafuna kumvetsa kuti mwambowu ndi wotani kwenikweni. Mbiri imati udatchuka cha m'ma 1840 kamba ka mayi wina wolemekezeka, Anna Russell, mkazi wa Duke wa ku Bedford, yemwenso adali mnzake wa Mfumukazi Victoria. Masiku amenewo anthu apamwamba ankadya chakudya chamadzulo mochedwa, cha m'ma 8 koloko usiku. Mayiyu njala inkamupweteka dzuwa likapendeka, ndiye adayamba kuitanitsa tiyi ndi tizakudya kuchipinda kwake, kenaka nkumaitana anzake. Mwachidule, mwambo wonsewu udayamba ndi njala ya munthu wolemera.

Lero lino ukapita kumahotela akuluakulu amakubweretsera mbale zitatu zosanjikizana. Yapansi imakhala ya timasangweji todulidwa ngati zala, tina ta minkhaka, tina ta mazira, tina ta nsomba. Yapakati ndiyo ya masikono, pamodzi ndi jamu ndi kirimu wolimba ngati batala yemwe eni ake amati clotted cream. Pamwamba pamakhala timakeke tokongola moti umachita manyazi kutiluma. Pambali pake tipoti, nthawi zina ndi woimba piyano.

Ndisabise, ndidayamba ndapusitsidwa. Pa intaneti ndidaona malo ena, dzina sinditchula, akulengeza tiyi wa madzulo pa theka la mtengo. Ndidati ndipite ndekha kaye ndikazonde ndisanatengereko munthu wamkulu. Ndidachita bwino. Sikono yake idali youma ngati ya dzana, tiyi adali kathumba kamodzi koviika m'kapu ya madzi ofunda, ndipo bilu itabwera ndidapeza awonjezerapo 12.5 peresenti ati ya ntchito ya operekera zakudya. Ndalama imeneyi malo ambiri odyera ku London amaiika pa bilu, ndipo munthu wanzeru amafunsiratu asanakhale pansi. Ine ndidatuluka mutu uli pansi, m'thumba mutapepuka.

Safunsa adadya phula. Lamulungu lotsatira ndidadandaulira mayi wina wachikulire wachizungu yemwe tinkapemphera naye. Adaseka mpaka kupukuta misozi.

"Mwana wanga," adatero, "ine ndabadwira mumzinda muno ndipo ku Ritz sindidapondeko. Kumeneko timasiyira alendo ndi ochita madyerero a ukwati. Iwe ukafika pa malo a tiyi usakanene kuti afternoon tea. Ukanene kuti cream tea."

Apa mpomwe maso anga adatseguka. Cream tea ndi tipoti ya tiyi, sikono imodzi kapena ziwiri, jamu ndi kirimu uja basi. Mtima wa mwambo wonse uli pomwepo. Zotsalazo ndi zokometsera chabe, ndipo ndi zomwe zimakweza mtengo. Adandichenjezanso kuti ndisasokonezeke ndi mawu oti high tea, omwe alendo ambiri amaganiza kuti ndi tiyi wapamwamba. Kale limeneli lidali dzina la chakudya chamadzulo cha anthu ogwira ntchito m'mafakitale, chodyera pa tebulo lalitali akaweruka.

Mayiyu adandipatsa malangizo ena omwe ndikuti ndikugawireni, poti masiku ano a Malawi opita ku Mangalande achuluka, ena kuntchito za chipatala, ena kusukulu, ndipo tsiku lina nanunso mudzalandira mlendo wa pempho ngati la azakhali.

Choyamba, thawani misewu ya mabwana monga ya ku Mayfair ndi Knightsbridge. Kumeneko simulipira tiyi, mumalipira lendi ya nyumba. Chachiwiri, pitani mkati mwa sabata, osati Loweruka kapena Lamulungu. Chachitatu, yang'anani malo odyera a m'nyumba zosungiramo zinthu zakale ndi a m'matchalitchi. Nyumba zikuluzikulu za boma zoterezi kulowa nkwaulere kuyambira mu 2001. Pa Trafalgar Square, pansi pa tchalitchi cha St Martin-in-the-Fields, pali malo odyera omwe pansi pake mpoyalidwa ndi miyala ya pamanda akalekale. Amenewo ndidawachotsa pa mndandanda msangamsanga. Azakhali kumwa tiyi ataponda pamanda? Bwenzi nkhani yake ikukambidwa kumudzi mpaka lero.

Njira yotsika mtengo kuposa zonse ndi yogula paketi ya masikono, kabotolo ka jamu ndi kirimu m'sitolo wamba, kuthira tiyi m'fulasiki nkukakhala pa udzu ku St James's Park. Eni dziko amatero dzuwa likawala. Koma azakhali adakhala pansi moyo wawo wonse. Iwo adapempha mpando.

Mapeto ake tidasankha Victoria and Albert Museum, ku South Kensington. Nyumba imeneyi imadziwika kuti ndiyo idali yoyamba mwa nyumba zoterezi padziko lonse kukhala ndi malo odyera, ndipo zipinda zake zitatu zodyeramo, za m'zaka za m'ma 1860, zikugwirabe ntchito. Chachikulu, chomwe amachitcha Gamble Room, chili ndi zipilala zokutidwa ndi matailosi, magalasi amitundumitundu ndi denga lokongola kuposa la mahotela ambiri.

Lachitatu masana tidakwera sitima yapansi panthaka. Azakhali adatchena chitenje chawo cha kumpingo ndi duku latsopano. Titalowa m'chipindamo adaima kaye, maso kudenga.

"Iwe, walipira zingati kuti atilowetse muno?"

"Ulere, azakhali."

"Usandinamize ine."

Vuto lidalipo limodzi lokha. Pamalopa sipakhala wokubweretsera chakudya pa tebulo. Umafola pamzere, kulipira, nkudzinyamulira wekha. Mtima udandigunda poti pempho lawo lidali loti wina awabweretsere. Ndidawakhazika pa tebulo la pafupi ndi zenera, ndidakafola, ndipo 4 koloko itangokwana ndidatulukira ndi thireyi m'manja: matipoti awiri, masikono awiri, jamu ndi kirimu. Zonse pamodzi sizidafike ngakhale theka la mtengo wa munthu mmodzi ku mahotela aja.

Ndidaika thireyi patsogolo pawo nkugwada pang'ono. Adandiyang'ana nthawi yaitali osayankhula. Kenaka adati: "Wayenda ngati malemu atsibweni ako, kungoti iwo sankagwedeza makapu."

Adanyamula sikono, kuitembenuza uku ndi uku. "Sikono yake ndi yomweyi? Ya pa Chitakale imaposa apa kukula kwake." Ndidawafotokozera kuti mawu oti sikono tidabwereka kwa eni akewa, omwe amati scone, ndiponso kuti kuno anthu amakangana kwabasi pa kapakidwe kake: a ku Devon amayamba kupaka kirimu kenaka jamu, a ku Cornwall amayamba jamu kirimu pambuyo. Azakhali adamvetsera mwaulemu, adanyema sikono yawo nkuiviika mu tiyi.

Tiyiyo adayamba amununkhiza kaye, monga amachitira munthu wodziwa. "Masamba achepa," adagamula motero, "koma ndi tiyi." Kenaka adafunsa funso lomwe landisowetsa mtendere mpaka lero: "Kodi ameneyu ndi wathu?"

Funsoli ndi lalikulu kuposa m'mene iwo ankaganizira. Ku Mulanje tiyi adayamba kulimidwa ngati bizinesi m'zaka za m'ma 1890, ndipo Malawi ndi limodzi mwa maiko oyambirira mu Africa kulima mbewuyi. Zaka zambiri timakolola matani oposa 40,000, ndipo dziko la Britain ndi mmodzi mwa ogula athu akuluakulu. Ngakhale tiyi wotsika mtengo wa anthu wamba ku London tidathandiza ndife. Kampani ya J. Lyons, yomwe idatsegula malo ake oyamba omwerapo tiyi ku Piccadilly mu 1894 nkufalikira ponseponse, m'zaka za m'ma 1920 idatenga malo ku Lujeri ku Mulanje nkuyamba kulima tiyi wakewake. Makalaliki ndi atsikana ogwira ntchito m'masitolo a ku London ankamwa tiyi wa makobidi ochepa, kwinaku agogo athu akulima ndi kuthyola. Malo a tiyi a Lyons adatha cha m'ma 1981, ndipo okushoni ya tiyi ya ku London, yomwe idakhala zaka zoposa 300, idatsekedwa mu 1998.

Koma mukayenda m'masitolo a ku London dzina la Malawi simuliona wambawamba pa mapaketi. Tiyi wathu wambiri amachoka kuno m'matumba akuluakulu, kudzera ku okushoni ya ku Limbe kapena mwachindunji kwa ogula, nkukasakanizidwa ndi wa ku Kenya ndi ku India. Akamafika m'kapu amakhala ndi dzina lachingerezi. Kampani ina yaing'ono ya ku London, Rare Tea Company, imagulitsa tiyi wa ku Satemwa ku Thyolo pansi pa dzina loti Lost Malawi, kunena kuti Malawi wotayika. Dzina limeneli likunena zoona.

Phunziro lomwe ndidalitola pa ulendo wonsewu ndi ili: mu tiyi wa mapaundi 70 uja, masamba enieniwo ndiwo chinthu chotsika mtengo kuposa zonse. Ndalama ili mu mpando, m'nyumba, m'dzina ndi m'nkhani yomwe amakufotokozera. Ife timagulitsa masamba okha, zina zonsezo tidasiyira anzathu. Nchifukwa chake mu 2013 bungwe la Oxfam pamodzi ndi anzake lidapeza kuti malipiro a othyola tiyi kuno adali otsika zedi, zomwe zidachititsa kuti mu 2015 pakhazikitsidwe ndondomeko ya Malawi Tea 2020 yofuna kuwakweza. Kukweza malipiro nkofunika, koma ngati tipitiriza kutumiza tiyi wopanda dzina, tidzakhala tikulimbirana nyenyeswa pomwe mkate weniweni ukudyedwa kwina.

Nanga kwathu konkuno? Mahotela athu angati amakuuza kuti tiyi ali m'kapumu ndi wa esiteti yakuti, wothyoledwa mwezi wakuti? Ndi angati mwa ife a m'tauni omwe tidatengerako makolo athu ku Thyolo kapena ku Mulanje kukamwa tiyi pakhonde, phiri likuoneka poteropo? Anthu amakwera ndege kuchoka ku Ulaya kudzachita zimenezi, ife eni ake tikuti nzachizungu.

Azakhali adamaliza tipoti yawo yonse, nkupempha madzi otentha owonjezera, omwe adatipatsa mwaulere. Kabotolo ka jamu kotsala adakakulunga m'kansalu nkuika m'chikwama. Tikutuluka adandigwira dzanja.

"Zaka zonsezi ndinkayesa kuti muli mankhwala ena ake mu tiyi ameneyu," adatero. "Kani nkhani yake ndi kungokhala pansi, wina nkukutumikira."

Pano adabwerera kumudzi. Msuweni wina wandiuza kuti masiku ano ikakwana 4 koloko gogoyo amatulutsa mpando pakhonde, ndipo adzukulu amachita kusinthana kunyamula thireyi. Wogwedeza makapu amabwezedwa kukhitchini kuti akayambirenso.