Chifukwa chake mzinda wa Blantyre uli ndi malo awiri azamalonda

Mulanje, Mana: Munthu wochokera ku Mulanje kudzera msewu wa ku Thyolo amayamba wafika ku Limbe, koma kuti akafike m'katikati mwa Blantyre, momwe muli nyumba zosanja monga Delamere House ndi Chayamba Building, ayenera kuyendanso makilomita pafupifupi 8.

Izi zidachokera kale. Blantyre idayamba ndi mishoni ya Church of Scotland m'chaka cha 1876, pomwe Limbe idakula pambuyo pake kaamba ka njanji komanso fakitale ya fodya ya Imperial Tobacco Company. Matauni awiriwa adawaphatikiza m'chaka cha 1956, koma malonda sadasonkhane pamodzi. Malikulu a mabanki ambiri ali ku Blantyre, pomwe okushoni ya tiyi, yomwe ndi yofunika kwa alimi a ku Mulanje, imachitikira ku Limbe. Maofesi a khonsolo ya mzindawu ali pakati, ku Chichiri.

Vuto limaonekera pa msewu wa Masauko Chipembere, womwe umalumikiza mbali ziwirizi. M'mawa ndi madzulo galimoto zimathithikana, moti wantchito wotumidwa kuchokera ku Mulanje amatha kutaya nthawi yambiri pa kamtunda kochepa chonchi.