Nkhani ya nyengo iyambile pa mbaula

Mu Lusaka muno mulibe munthu wofunika kumuuza kuti nyengo yasokonezeka. Wa welding ku Kalingalinga adziwa, cifukwa mu 2024 anali kugona pa shopu kuyembekezela malaiti amene anali kubwela pakati pa usiku. Amai ogulitsa nkhuku za mu filiji ku Chawama adziwa, cifukwa anataya katundu. Olo mwana wa giledi 3 adziwa, ndiye amayamba kukuwa kuti "yabwela!" babu ikangoyaka. Koma wailesi ikayamba cabe kukamba za climate change, anthu amodzimodziwa amasintha station. Funso langa lelo, makamaka kwa anzanga atolankhani, ni ili: n'cifukwa ciani nkhani imene ili m'thumba la munthu aliyense imamveka monga ni ya anthu a mataye ku hotela?

Yankho silili kutali. Nkhani zambili za nyengo zimabadwila ku ma workshop. Mtolankhani aitanidwa, amvela mau monga mitigation, adaptation na resilience, abwela ku ofesi, awalemba mmene anawamvela. Nkhani iyamba na dzina la nduna, isila na dzina la opeleka ndalama. Pakati ponse mulibe unga, mulibe malasha, mulibe madzi. Akulu anati fodya wako ni uyo ali pamphuno. Munthu amene aganiza za pamela wa madzulo sangaike mtima pa msonkhano wa ku Baku, pokhapo mutamuonetsa njila yocokela ku Baku kufika pa mphika wake.

Njila imeneyo iliko, ndipo caka ca 2024 cinaionetsa poyela. Pa 29 February, President Hakainde Hichilema analengeza kuti cilala cakhala tsoka la dziko lonse. Maboma 84 mwa maboma 116 anakhudzidwa, ndipo cimanga ca pa mahekita pafupifupi 1 miliyoni, mwa mahekita 2.2 miliyoni amene anabyalidwa, cinauma m'munda. Saka ya 25kg ya breakfast inapitilila K300. Magetsi athu ambili, opitilila 80 pelesenti, amacokela ku madzi. Madzi atacepa mu Kariba, makina a ku North Bank, amene amatha kupanga 1,080 megawatts, anatsala pang'ono kuimilatu. Pofika September, makomboni ambili anali kuona malaiti maola atatu cabe pa tsiku.

Manje onani mmene nkhani imodzi imeneyi imayendela. Mvula ikacepa ku North-Western na ku Angola kumene Zambezi amatunga madzi, Kariba satenga mokwanila. Kariba akatsika, sitovu ya ku Matero izima. Sitovu ikazima, amai atulutsa mbaula. Nyumba zonse zikatulutsa mbaula nthawi imodzi, mtengo wa malasha ukwela, ndipo njinga na malole odzaza masaka awonjezeleka pa Great East Road na pa Mumbwa Road. Saka iliyonse ni mitengo imene yagwa ku Chongwe, ku Rufunsa kapena ku Mumbwa. Mitengo ikatha, nthaka sisunga madzi, tumitsinje tuuma msanga. Iyi ni climate change yonse yathunthu, ndipo naikamba popanda liu limodzi la ku workshop.

Ena amati sayansi yake ni yovuta kuikamba m'Cinyanja. Ine nikana. Dziko lapansi lili na mpweya umene umasunga kutentha monga bulangete. Tikawotcha petulo, dizilo, gasi na malasha a m'migodi, komanso tikatentha nkhalango, timatulutsa mpweya wa carbon dioxide, ndipo bulangete ija imakhuthala. Kutentha kukaculuka, nthaka iuma msanga, madzi a m'madamu auluka, ndipo mvula ikabwela nthawi zina imagwa yambili pa kanthawi kocepa. Ku Paris mu 2015 maiko anagwilizana kuyesetsa kuti kutentha kusakwele kupitilila madigili 1.5, ndipo 2024 cinali caka cotentha kuposa zaka zonse zimene zinalembedwa kumbuyoko. Ambuya a ku Mtendere angamve zimenezi bwino-bwino. Cimene sangamve ni cizungu cimene na wolembayo sanacimvetse.

Koma pali msampha wina, ndipo uwu ni woipa ngako: kukankhila ciliconse pa climate change. Cilala ca 2024 cinabwela pa nthawi ya El Niño. Uku ni kutentha kwa madzi a m'nyanja ya Pacific kumene kumabwela pakapita zaka ziwili mpaka zisanu na ziwili, ndipo kukabwela, kum'mwela kwa Africa mvula imacepa. Amene analiko mu 1992, caka ca unga wa yelo, acikumbukila. Gulu la asayansi la World Weather Attribution litafufuza, linapeza kuti cimene cinayambitsa cilala ca 2024 kwenikweni ni El Niño. Mtolankhani woona mtima afunika kukamba zimenezo mmene zilili, na kufotokoza kuti cilala cikagwa pa dziko lotenthelatu, cimaluma kwambili. Mu 2019 manyuzipepa akunja anaonetsa zithunzi za Victoria Falls monga mathithi akufa. Cilala cinaliko zoona, koma aliyense wa ku Livingstone adziwa kuti mbali ya Zambia imacepa madzi caka ciliconse ca mu October na November. Madzi atabwelela, ena anayamba kukamba kuti nkhani yonse ya nyengo ni boza. Ukawonjezela mcele pa nkhani yoona, tsiku limene anthu adzakugwila adzataya na coonadi comwe.

Citsanzo capafupi ni Kanyama. Caka ciliconse mvula ikagwa, anthu avala majombo, ena akwela wilibala kuti afike pa msewu. Walila mvula walila matope, inde, koma matope a ku Kanyama ali na eni ake. Malo aja ni athyathyathya, pansi pali mwala wa laimu, madzi a pansi ali pafupi, zimbudzi zokumba na zitsime zosazama zili moyandikana. Mifolo yadzala mapulasitiki, ndipo ena anamanga nyumba pa njila ya madzi. Kolela imene inayamba mu October 2023 inapha anthu opitilila 700, Heroes Stadium inasanduka cipatala, masukulu anatsegulidwa mocedwa mu February. Tikalemba kuti zonsezi ni climate change, ndiye kuti tamasula aliyense amene anafunika kukumba mfolo, kucotsa zinyalala na kukaniza ma plot pa madambo. Liu limeneli lisakhale bulangete ina yofunda nayo anthu olephela nchito.

Cina ni cinenelo ca zolosela za nyengo. Dipatimenti ya za nyengo ikatulutsa lipoti kuti mvula idzakhala "normal to below normal", mau amenewo amapita pa wailesi mmene alili. Nanga munthu acite nawo ciani? El Niño uja analengezedwa pakati pa 2023, miyezi ingapo mvula isanayambe. Ife a m'tauni ndife timatuma ndalama ya mbeu na feteleza ku Petauke na ku Katete, ndipo ambili tili na tuminda ku Chongwe na ku Shimabala. Tinafunika kumva mobweleza-bweleza, m'cinenelo cathu, kuti caka cino gulani mbeu yoca msanga, musaike ndalama yonse pa cimanga, ikani na mapila, cinangwa na nyemba, ndipo musagulitse cimanga conse ca m'nkhokwe. ZNBC Radio 1 imaulutsa m'zinenelo zisanu na ziwili, Breeze FM ili ku Chipata, Komboni Radio ili konkuno. Misewu yofikila anthu iliko. Cofunika ni kusandutsa lipoti kukhala malangizo amene munthu angagwilitse nchito mawa m'mawa.

Ndiyeno tisamale na kuloza cala. Africa yonse imatulutsa mpweya woipa wosafika pa 4 pelesenti ya umene dziko lonse limatulutsa. Amai amene aphika pa mbaula si ndiwo anatenthetsa dziko, ndipo kuwalalikila kuti aleke malasha pamene malaiti kulibe na silinda ya gasi yadula ni kuwanyoza cabe. Nkhani yothandiza ni imene iwaikila masamu patebulo: malasha a mwezi umodzi ni zingati, gasi ni zingati, mbaula yosunga moto ipulumutsa zingati, solar ya pa nkhongole isila liti kulipila. Kuopseza nakonso sikugwila nchito. Munthu ukamuuza tsiku na tsiku kuti dziko likutha, amangoti "ni vamene", n'kupitiliza na zake.

Mafunso olimba tiwapeleke kumene kuli mphamvu na ndalama. Ku Sharm el-Sheikh mu 2022 maiko anavomeleza thumba lothandiza maiko osauka pa zimene nyengo yawononga. Mtolankhani afunse kuti Zambia yalandilako zingati, ndipo zapita kuti. Kuno kwathu CDF inapitilila K30 miliyoni pa constituency iliyonse mu 2024. Afunse khansala kuti pa ndalama imeneyo, ya mifolo ni zingati, mfolo wake uli pati, ndipo apite akauone na maso. Tili na unduna wa Green Economy and Environment kucokela mu 2021, tili na DMMU mu ofesi ya Vice President. Amenewa sitifunika kuwafuna cabe pa tsiku logawa matenti na unga.

Cothela ni nthawi. Nkhani ya nyengo timaikumbukila madzi akalowa kale m'nyumba, pamene madzi akatayika saoleka. Nkhani ya mifolo ilembedwe mu September, makasu akali na nchito. Nkhani ya mbeu ituluke mu October, ndalama isanatumidwe kumudzi. Kuculuka kwa madzi mu Kariba, kumene Zambezi River Authority imalengeza kawili-kawili, kukhale pa nyuzi monga mtengo wa dola, kuti wa babashopu adziwiletu ngati afunika kuyamba kusunga ya jenseti.

Kwa inu owelenga, pempho langa ni limodzi. Mukamva nkhani ya nyengo pa wailesi ndipo simunatolepo kanthu, musasinthe station. Tumani foni ku pulogilamu, mufunse kuti: manje ine wa ku Garden nicite ciani, ndipo amene afunika kukonza ni ndani? Mtolankhani akalephela kuyankha mafunso awili amenewo, ndiye kuti nkhani yake ikalibe kupsa, aibwezele pa moto.