Nsomba za m'damu zikatuluka zilonda, yambani ndi madzi

Amayi, ambiri a inu muli ndi madamu a nsomba, ena a gulu, ena a pakhomo. Makumba, chilunguni ndi milamba zikukupatsani ndiwo komanso ndalama ya fizi ya ana. Choncho zimawawa kupeza nsomba zitayandama m'mawa, zina zili ndi zilonda zofiira. Ena amathamangira ku golosale kukagula makapisozi n'kuthira m'damu. Musatero. Pali zoyenera kuchita poyamba, ndipo zambiri sizilira ndalama.

Zizindikiro

Nsomba yodwala imasiya kudya, imasambira payokha m'mphepete, kapena imazungulirazungulira ngati yaledzera. Mukaigwira mungaone madontho ofiira pamimba ndi m'tsinde mwa zipsepse, zilonda, mamba osupuka, zipsepse zonyenyeka, mimba yotupa, kapena maso otuzuka ndi otuwa. Kawirikawiri izi zimadza ndi tizilombo totchedwa mabakiteriya. Mtundu wa Aeromonas umabweretsa zilonda ndi kutupa mimba, pomwe Streptococcus imavutitsa nsomba za mtundu wa chambo madzi akatentha, monga mu Okutobala ndi Novembala.

Chifukwa chake zimadwala

Ambiri mwa mabakiteriyawa amakhala m'damu masiku onse, ndipo nsomba yamphamvu saigonjetsa. Amapeza mpata nsomba ikafooka. Zoifooketsa ndi izi: kuchulukana m'damu laling'ono, manyowa ochuluka, madeya otsala omwe amaolera pansi, ndi mabala obwera ndi ukonde. Zinthu zikamaola zimatha mpweya wa m'madzi, makamaka mbandakucha. Mukaona nsomba zikuyasamula pamwamba dzuwa lisanatuluke, dziwani kuti zikubanika.

Yesani madzi ndi mkono. Uvikeni mpaka m'chigongono. Chikhatho chikabisika madzi asanafike m'chigongono, manyowa achuluka.

Zochita tsiku lomwelo

Siyani kuthira manyowa, ndipo musadyetse nsomba kwa masiku awiri. Sizifa ndi njala ayi. Tulutsani madzi ena n'kulowetsa atsopano, koma otulukawo apite kudimba, asalowe mumtsinje kapena m'damu la anzanu. Vuulani nsomba zakufa m'mawa uliwonse, mukazikwirire m'dzenje lakuya kutali ndi madzi. Musadye, musagulitse, musapatse nkhumba kapena agalu. Ngati muli ndi bala kumanja, musazigwire ndi manja, ndipo mukatha sambani ndi sopo.

Ngati zodwala zili zochepa, zipatuleni. Sungunulani magalamu 200 a mchere m'ndowa ya malita 20 ya madzi oyera, muikemo nsombazo kwa mphindi 10 mpaka 15. Ikayamba kugona chammbali, ichotseni msanga. Mchere umachepetsa tizilombo ta pakhungu ndi kupeputsa thupi la nsomba, koma sufika pa matenda amene alowa kale m'magazi. Mukatero zisungeni padera, osazibwezera kwa zinzake.

Nanga mankhwala?

Makapisozi a anthu akathiridwa m'damu amasungunuka m'madzi ochuluka, ndipo nsomba imalandira kamlingo kochepa kosapha tizilombo. M'malo mwake tizilombo timazolowera mankhwalawo. Madzi omwewo mumathirira ndiwo zamasamba, nsomba zomwezo ana amadya. Tsiku lina mwana akadwala, mankhwala aja sangamugwire. Mankhwala oyenera nsomba, monga oxytetracycline, amasakanizidwa m'chakudya pa mlingo wolingana ndi kulemera kwa nsomba, ndipo pamakhala masiku oyenera kudikira musanakolole. Oyeza zimenezi ndi alangizi a za nsomba kapena a za ziweto.

Dziwaninso kuti si zilonda zonse zimene zimadza ndi mabakiteriya. Mu 2020 m'boma la Mchinji munapezeka matenda a zilonda zakuya otchedwa EUS. Amayamba ndi kachilombo konga nkhungu, amakula m'nyengo yozizira, ndipo makapisozi sawachiza konse. Ndi maso okha simungawasiyanitse ndi enawa. N'chifukwa chake nsomba zambiri zikafa m'masiku ochepa, kapena zilonda zikalowa mpaka m'mnofu, kanenani msanga ku ofesi ya za nsomba ya m'boma lanu. Alangizi asanabwere, musasamutse nsomba iliyonse, ngakhale yooneka yamoyo bwino.

Kupewa

Musapyole nsomba zitatu pa sikweya mita imodzi ngati mumadalira madeya ndi manyowa. Thirani chakudya chimene zingathe msanga. Gulani mbewu kwa oweta odziwika, osatola ya mumtsinje. Mukakolola, umitsani damu mpaka pansi pang'ambike, muwaze laimu musanadzazenso madzi.

Chinthu china choti mukambirane pa msonkhano wa gulu ndi ukonde wobwerekana. Ndi umene umanyamula matenda kuchoka damu lina kupita lina. Gwirizanani kuti aliyense akaugwiritsa ntchito autsuke ndi kuuyanika padzuwa mpaka uume gwa, asanaupereke kwa mnzake.