Ndani amauza pampu ya mumgodi kuti iyambe kupopa madzi?

Ana inu, lero tiyeni tipite ku Zambia, kuchigawo chimene pamapu chimalembedwa kuti Copperbelt, koma anthu ambiri amangoti Kumigodi. Mizinda yake ikuluikulu ndi Ndola ndi Kitwe, yomwe yatalikirana makilomita pafupifupi 60. Pansi pa nthaka ya kumeneko pali mkuwa wochuluka, uja ena amati kopa. Kale abambo ambiri a ku Chipata, Katete, Petauke ngakhale a ku Malawi ankapita kukagwira ntchito m'migodi imeneyi. Mukafunsa bwino kwanu, mwina mupeza agogo amene amaudziwa mgodi wa Nkana wa ku Kitwe.

Mgodi uli ndi mdani amene sagona tulo, ndiye madzi. Mukakumba dzenje lakuya kwambiri, madzi apansi amayamba kuchucha m'ming'alu ya miyala usana ndi usiku. Mgodi wa Konkola, womwe uli ku Chililabombwe pafupi ndi malire a dziko la Congo, ndi umodzi mwa migodi ya madzi ambiri padziko lonse. Tsiku lililonse mapampu amatulutsamo madzi oposa malita 300 miliyoni. Kuwathira m'ndowa za malita 20, zingadzaze ndowa zoposa 15 miliyoni! Mapampu atangoleka kwa nthawi yaitali, mgodi ukhoza kusefukira, ndipo pansipo pamakhala anthu, makolo a ana anzanu.

Tsono ndani amauza pampu kuti nthawi yopopa yakwana? Anthu oyang'anira alipo ndithu, koma munthu sangakhale maso pa dzenje lililonse mphindi iliyonse. M'migodi yambiri ya masiku ano ntchito imeneyi imagwiridwa ndi kakompyuta kakang'ono kotsekeredwa m'bokosi lachitsulo. Kamalumikizidwa ndi kachipangizo koyeza madzi, kotchedwa sensa, ndiponso ndi swichi ya pampu. Kakompyutako sikadziwa kuti madzi n'chiyani, sikadziwanso kuti kali mumgodi. Kamangotsatira malangizo amene munthu anakalembera. Malangizo otere ndiwo timati pulogalamu, ndipo amene amawalemba ndi mainjiniya.

Ku Kitwe, kudera la Riverside pafupi ndi mtsinje wa Kafue, kuli Copperbelt University, imene ophunzira amangoti CBU. Inakhazikitsidwa mu 1987, ndipo imaphunzitsa uinjiniya, zamigodi, zamakompyuta ndi zina zambiri. Ku Ndola nako kuli Northern Technical College, yodziwika ndi dzina loti NORTEC, komwe achinyamata amaphunzira zamagetsi ndi zamakina. M'sukulu za uinjiniya padziko lonse, wophunzira sayamba ndi kukonza makina akuluakulu. Amayamba ndi masamu, sayansi, komanso kuphunzira kulemba pulogalamu. Ena amafika kumeneko asanalembepo ngakhale mzere umodzi, ndipo pulogalamu yawo yoyamba imakhala yongouza kompyuta kuti ilembe moni pasikirini. Imaoneka yachibwana, koma ikatheka munthu amasangalala, chifukwa makina amumvera kwa nthawi yoyamba.

Chinthu choyamba chimene wophunzirayo amazindikira n'chakuti kompyuta ilibe nzeru zodziganizira yokha. Amayi akakutumani kumsika wa Chisokone ku Kitwe kuti mukagule tomato, mukapeza kuti pabenchi pamene mumagula masiku onse tomato watha, mumapita pabenchi ina, ndipo wovunda simutenga ngakhale amayi sananene. Kompyuta siitero. Imachita zimene yauzidwa basi, mwandondomeko yake, osawonjezera kapena kuchotsapo. Zimene mwaiwala kunena, iyo siingazilote.

Tiyeni tsopano tikhale ngati ophunzira a chaka choyamba, tilembe pulogalamu ya pampu ija m'Chichewa. Tinene kuti madzi amasonkhana m'dzenje lakuya mamita 4, ndipo sitikufuna kuti asefukire. Tikhoza kulemba motere:

Yeza madzi.
Ngati madzi afika mamita 3, yatsa pampu.
Apo ayi, zimitsa pampu.
Bwerera pamzere woyamba.

Mizere inayi yokha, koma muli zinthu zikuluzikulu zimene zimapezeka m'mapulogalamu onse, ngakhale a mufoni ya amalume anu. Malangizo akutsatana, lina likatha lina. Pali posankha, paja pali mawu oti ngati. Palinso kubwereza, chifukwa mzere womaliza ukubweza kompyuta poyambira, ndiye izizungulira choncho osatopa. Nambala imene sensa yayeza imasungidwa pamalo ena m'kompyuta, malowo amapatsidwa dzina, tinene kuti madzi, ndipo nambalayo imasintha nthawi iliyonse kompyuta ikayezanso.

Musanapitirire kuwerenga, yang'ananinso mizere ija. Ili ndi vuto. Kodi mwaliona?

Tiyeni tiyende nayo pang'onopang'ono, monga amachitira ophunzira ndi pensulo ndi pepala. Madzi akukwera: mita imodzi, mamita 2, kenako afika pa 3. Pampu yayaka. Patangopita kanthawi, madzi atsika pang'ono chabe, tinene kuti ndi sentimita imodzi. Kompyuta ikuyeza, ikupeza kuti madzi sanafikenso pa mamita 3, ndiye yazimitsa pampu. Koma m'miyala madzi akuchuchabe. Posakhalitsa afikanso pa 3, pampu yayaka. Atsika pang'ono, yazima. Yayaka, yazima, yayaka, yazima, tsiku lonse! Mota yamagetsi imakoka mphamvu yambiri panthawi yoyaka, choncho ikamayatsidwa pafupipafupi imatentha, mapeto ake imapsa. Kompyuta siinalakwe chilichonse, yachita ndendende zimene tinalemba. Cholakwika chili m'malangizo.

Mankhwala ake ndi kuika zizindikiro ziwiri m'malo mwa chimodzi:

Yeza madzi.
Ngati madzi afika mamita 3, yatsa pampu.
Ngati madzi atsika kufika pa mita imodzi, zimitsa pampu.
Bwerera pamzere woyamba.

Tsopano pampu ikayaka imapopa mpaka madzi atatsika ndithu, kenako imapuma nthawi yaitali pamene dzenje likudzazanso. Madzi akakhala pakati, tinene pa mamita 2, kompyuta siikhudza swichi: yoyaka imakhala chiyakire, yozima imakhala chizimire. Ine pamenepa ndi pamene pamandikoma kwambiri pantchito imeneyi. Sitinagule pampu yatsopano, sitinakumbe dzenje lina. Tangosintha mzere umodzi, mota yapulumuka.

Injiniya wabwino salekera pomwepo. Amadzifunsa kuti, nanga sensa ikaonongeka n'kumanena kuti madzi palibe pamene dzenje likudzaza? Nanga magetsi akazima? Amawonjezera mizere ina, monga wakuti pakapita maola ambiri pampu isanayake, belu lilire kuti munthu akaone. Nthawi yambiri ya wolemba mapulogalamu imathera pamenepa, kuganizira zimene zingasokonekere ndi kusaka pamene palakwika.

Musaganize kuti amalakwitsa ndi ophunzira okha. Mu September 1999, bungwe la ku America lofufuza zakuthambo la NASA linataya chombo chotchedwa Mars Climate Orbiter, chimene chinayenda miyezi 9 kupita ku pulaneti ya Mars. Pulogalamu ina inkapereka nambala za mphamvu m'muyezo wa mapaundi, pamene inzake yolandira nambalazo inkaziwerenga ngati zili m'muyezo wa newton. Makompyuta onse anawerengera bwinobwino, koma chombo chinayandikira Mars mopitirira muyezo, osamvekanso. N'chifukwa chake aphunzitsi anu amalimbikira kuti mukalemba yankho muzionetsa ngati ndi mamita, masentimita kapena makilogalamu. Sakukuvutitsani dala ayi.

Kupatula kulamula makina, mainjiniya amafunanso kompyuta powerengera. Nawa masewera oti muyese ndi mnzanu. Iye aganize nambala iliyonse kuyambira 1 mpaka 100, asakuuzeni. Inu muzitchula nambala, iye azingoyankha kuti kwerani kapena tsikani. Mukayamba 1, 2, 3, mukhoza kufunsa mpaka dzuwa kulowa. Koma yambani pakati. Tinene kuti mnzanuyo waganiza 73. Inu mukuti 50, iye akuti kwerani. Pomwepo nambala zonse kuyambira 1 mpaka 50 mwazitaya. Mukuti 75, akuti tsikani. Mukuti 62, kwerani. 68, kwerani. 71, kwerani. Zatsala zitatu zokha, 72, 73 ndi 74, ndipo yapakati ndi 73. Mwaipeza pa funso lachisanu ndi chimodzi. Mukamadula pakati chotere, simudzafunsa kopitirira ka 7, kaya mnzanuyo abise nambala iti. Ngakhale atasankha pakati pa 1 ndi 1,000,000, mafunso 20 ndi okwanira.

Njira yodula pakatiyi ndi imodzi mwa zimene ophunzira uinjiniya amaphunzitsidwa koyambirira. Tinene kuti akufuna thanki ya mbali zinayi zofanana, yomwe pansi pake pakhale masikweya mita 50. Mbali iliyonse italike bwanji? Pakufunika nambala yoti kuichulukitsa ndi iyo yomwe ipereke 50. Tikayesa 7 tikupeza 49, yachepa. Tikayesa 8 tikupeza 64, yachuluka. Ndiye kuti yankho lili pakati. Pakati pake ndi 7.5, imene ikupereka 56.25, yachulukabe. Tidulenso: 7.25 ikupereka 52 ndi kanthu, 7.125 ikupereka 50 ndi kanthu. Tikuyandikira. Tikapitiriza tidzafika pafupi ndi 7.07. Munthu akachita zimenezi kakhumi mutu umayamba kuwawa, koma kompyuta imabwereza kambirimbiri inu musanaphethire. Mphamvu yake yonse ili pa liwiro ndi kusatopa. Njira yopezera yankho imachokera kwa munthu.

Kompyuta siimva Chichewa, Chibemba ngakhale Chingerezi chimene timalankhula. M'kati mwake muli timaswichi tochuluka zedi, toyaka kapena tozima, zimene timazilemba kuti 1 ndi 0. Kulemba ndi manambala awiri okhawa n'kotopetsa, choncho anthu anapanga zilankhulo zapadera zolembera mapulogalamu, zomwe pulogalamu ina imazimasulira kuti makina amve. Fortran inatuluka mu 1957, yopangidwira asayansi ndi mainjiniya. Dennis Ritchie anapanga C cha m'ma 1972, ndipo Guido van Rossum anatulutsa Python mu 1991. MATLAB, imene mainjiniya ambiri amaikonda, inayambitsidwa ndi mphunzitsi wa masamu, Cleve Moler, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970, pofuna kuti ophunzira ake asamavutike powerengera. Zilankhulozi zimasiyana kalembedwe, koma zonse zili ndi kutsatana, kusankha ndi kubwereza kuja tinaona pa pampu.

Atsikana, mvetserani apa. Mu 1843, makompyuta amagetsi asanakhaleko, mayi wina wa ku England, Ada Lovelace, anafalitsa ndondomeko ya momwe makina owerengera a Charles Babbage akanapezera manambala ena ovuta. Makinawo sanamangidwe n'komwe m'masiku ake. Iye anagwiritsa ntchito pepala, cholembera ndi mutu wake, ndipo anthu ambiri amamutcha mmodzi mwa oyamba kulemba pulogalamu. Aliyense wokuuzani kuti iyi ndi ntchito ya anyamata okha sakudziwa mbiri yake.

Pali chinanso chokhudza Kumigodi. Mukaona wokonza mafoni atatsegula foni kapena wailesi, suzumirani pa kabolodi kobiriwira kali m'katimo. Muona timizere tating'onoting'ono tokhotakhota. Timeneto ndi mkuwa, ndipo ndimo mumadutsa magetsi onyamula 1 ndi 0 uja. Mu Africa, Zambia ndi yachiwiri pokumba mkuwa, yoyamba ndi Congo. Mkuwa wambiri umachoka Kumigodi pamalole akuluakulu kupita kumadoko monga Dar es Salaam, n'kukapangidwa zipangizo kumaiko akutali, ife n'kudzazigula pamtengo wokwera. Ine ndimafunitsitsa kuona ana a m'makomboni a Kumigodi monga Wusakile, Chimwemwe ndi Chifubu, komanso a ku Chipata ndi Lilongwe, akupanga okha zipangizo zoterezi ndi kulemba mapulogalamu oziyendetsa. Mwayi ukutseguka pang'onopang'ono. Ku Zambia phunziro la makompyuta linalowa m'makalasi a Giredi 8 ndi 9 kuyambira mu 2014, ngakhale kuti sukulu zambiri zinalibe makompyuta okwanira.

Ngati kusukulu kwanu kuli kompyuta, pemphani aphunzitsi akuonetseni Scratch, pulogalamu yaulere yopangidwira ana imene inatuluka mu 2007 ku yunivesite ya MIT ku America. Mmenemo malangizo mumachita kuwalumikiza pasikirini, kachithunzi n'kumayenda monga mwakauzira. Ngati kulibe, musadandaule, yambani ndi kope lanu. Lembani malangizo oti mnzanu achoke pakhomo la kalasi mpaka pamjigo, mum'patse, ndipo achite zokhazo zimene mwalemba, osaganiza zake. Akakagunda mtengo, musam'kalipire. Bwererani pa pepala lanu, mupeze mzere umene wasowa, mukonze, ayesenso.

Ndikusiyirani ntchito iyi. Mnzanu akabisa nambala pakati pa 1 ndi 1,000, kodi mungafunike mafunso angati kuti muipeze mosalephera? Tengani 1,000, muidule pakati, yankholo mulidulenso pakati (likatuluka ndi theka, mulikweze kufika pa nambala yathunthu yotsatira), muzipitiriza mpaka mutsale ndi nambala imodzi, ndipo muziwerenga kuti mwadula kangati. Mukapeza yankho, kayeseni ndi achimwene kapena achemwali anu madzulo ano.