Mitengo Yaphuka ku Munda Wanga, Zifuwa Zabuka m'Makomboni

Kuzizira kwa Juni ndi Julayi kukatha, mitengo ya mu Lusaka siyembekeza mvula. Mu Ogasiti ndi Sepitembala miombo iyamba kutulutsa masamba ofiira ngati moto, mango acita maluwa, ndipo posakhalitsa jakaranda ayala maluwa ake pamisewu ya kumayadi monga Kabulonga ndi Woodlands. Ofuna kuona zonsezi pamalo amodzi apita ku Munda Wanga ku Chilanga, pamsewu wa ku Kafue, munda umene Ralph Sander anauyamba m'zaka za m'ma 1950.

M'munda wotere, ino ndiyo nyengo ya thukuta. Anchito athirira m'mawa ndi madzulo, adulira nthambi zouma, asamala mbande ku nazale kuti zidzabzalidwe mvula ikakhazikika, ndiponso alambula m'malire kuopa moto wa m'chire. Masamba ogwa ali ndi nchito yake: aphimbira nthaka kuti cinyezi cisathawe, ena awolera m'dzenje ndi kusanduka manyowa.

Apa ndi pomwe mabanja a ku Kabwata ndi Chelstone asiyana ndi olima maluwa. Kukomboni masamba asesedwa ndi kutenthedwa madzulo, kawirikawiri pamodzi ndi mapulasitiki. Utsiwo, pophatikiza fumbi la mphepo ya Ogasiti, ndiwo ubweretsa kuyetsemula, maso oyabwa ndi cifuwa cosagonetsa usiku.

Ambiri aloza cala jakaranda, koma mlandu wake ndi wocepa. Mtengowu, wocokera ku South America, ufa wa maluwa ake unyamulidwa ndi njuci, suuluka kwambiri m'mphepo. Adani enieni a munthu wa mphumu ndi fumbi, utsi ndi ufa wopepuka wa zomera zimene zidalira mphepo, monga udzu ndi mabulosi.

Amai ayenera kuwaza madzi pabwalo asanasese, ndipo mwana wa mphumu asakhale pafupi pamene ena asesa kapena kutentha zinyalala. Mankhwala ake opopera m'kamwa, monga salbutamol, akhale pafupi nthawi zonse, kusukulu komwe. Ngati mwana apuma mofulumira, nthiti zilowa mkati, kapena alephera kulankhula ndi kuyamwa, atengeredwe kukiliniki nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku. Odwala kwambiri atumizidwa ku UTH.

Palinso zomera zokongola koma zakupha. Oleander, ca maluwa ofiirira kapena oyera, cobzalidwa m'mipanda yambiri, cili ndi poizoni wosokoneza mtima m'masamba, m'maluwa ndi m'nthambi. Nthambi zake si nkhuni, si zoochera nyama, pakuti utsi wake nawo udwalitsa. Nsatsi zomera zokha m'mabwinja ziuma m'cilimwe, ndipo njere zake zamawangamawanga zikopa ana. Kutafuna zocepa cabe kungathe kupha mwana. Lantana nayenso, zipatso zake zosapsa si zakudya.

Mwana akadya cimodzi mwa izi, makolo asamusanzitse ndi cala kapena madzi amcere, ndipo asayembekeze kuti ayambe kudwala, cifukwa poizoni wa nsatsi acedwa kuonekera. Athyole tsamba, duwa kapena njere ya comeraco, aikulunge m'pepala, ndi kupita nayo pamodzi ndi mwanayo kuti anamwino aione.