Kavalo wa mpikisano: chuma chothamanga ndi miyendo inayi

Munthu wa kwathu kuno akagula ng'ombe amadziwa chimene wagula. Idzamlimira, idzamkokera ngolo, idzamswera thole, ndipo tsiku la mavuto adzaigulitsa. Koma m'maiko ena muli anthu amene amapereka ndalama zokwanira kugula ng'ombe za midzi yambirimbiri pofuna kavalo mmodzi yekha, wosalima, wosakoka ngolo. Ntchito yake ndi kuthamanga basi. Kodi phindu la malonda amenewa lili pati?

Akavalo a mpikisanowa ndi a mtundu wotchedwa Thoroughbred, umene unayambira ku England zaka zoposa 300 zapitazo. Mzere wa makolo awo aamuna umakathera kwa akavalo atatu amene anachokera ku maiko a kum'mawa, ndipo kuyambira m'chaka cha 1791 maina a makolo ndi ana amalembedwa m'buku. Kavalo amene makolo ake sali m'buku lotere sawerengedwa kuti ndi wa mtunduwu, ngakhale liwiro lake likhale lotani.

Ambiri amagulidwa pa okushoni, monga amachitira ndi fodya, akadali ndi chaka chimodzi. Apa ndiye pagona vuto. Pa msinkhu umenewu kavalo amakhala asanathamangepo mpikisano, asanakwerepo munthu. Wogula amangoona miyendo, chifuwa ndi kayendedwe, nkuwerenga mbiri ya atate ndi amake, kenaka nkukweza dzanja.

Tamvani zimene zinachitika ku America. M'chaka cha 2006, pa okushoni ya ku Florida, anthu olemera analimbirana kavalo wa zaka ziwiri mpaka mtengo unafika madola 16 miliyoni. Anamutcha dzina loti The Green Monkey. Kavaloyu anathamanga mipikisano itatu yokha, osapambana ndi umodzi omwe, ndipo zimene anabweretsa zinangopitirira pang'ono madola 10,000. Izi zinali zitachitikapo kale: m'chaka cha 1983 Sheikh Mohammed wa ku Dubai anagula Snaafi Dancer pa madola 10.2 miliyoni, koma kavaloyo sanalowe mu mpikisano uliwonse, ndipo atamuyesa pa zoswana zinakanikanso. Paja akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Komatu mwayi umagwa nthawi zina. M'chaka cha 1975 ku Kentucky, kavalo wina amene ogula akuluakulu sanamuike kumtima anagulidwa pa madola 17,500 okha. Ameneyu ndiye Seattle Slew, amene mu 1977 anapambana mipikisano yonse itatu ikuluikulu ya ku America: Kentucky Derby, Preakness ndi Belmont. Chaka chotsatira mtengo wake unafika madola 12 miliyoni, chifukwa aliyense anafuna kuti akavalo ake aakazi akwerane naye. Ndalama zenizeni pa malondawa zimachokera pamenepa, pa mbewu, kuposa pa mphotho za mpikisano. Nkhani ngati ya Seattle Slew ndiyo imakokera anthu ku okushoni, koma akavalo otere ndi owerengeka.

Tisaiwale kuti kugula ndi chiyambi chabe. Kavaloyu sapita kudambo ngati ng'ombe. Amakhala m'khola la mphunzitsi amene amalipidwa mwezi ndi mwezi. Pafunika chakudya chapadera, womusamalira, dokotala wa ziweto, wosula nsapato zachitsulo za ku ziboda, ndi galimoto yomunyamula. Zonsezi mwini wake amalipira, kavalo apambane kapena asapambane. Akapambana, mphunzitsi ndi wokwerapo amatengaponso gawo lawo. Akathyoka mwendo, kawirikawiri amangomupha pomuchitira chifundo, ndipo chuma chonse chathera pomwepo.

Kuno ku m'mwera kwa Africa masewerawa ndi aakulu ku South Africa, ndipo abale athu ogwira ntchito kumeneko amawadziwa. Mpikisano wotchuka ndi Durban July, umene unayamba mu 1897 ndipo umachitikira pa bwalo la Greyville pa mtunda wa mamita 2,200. Mphindi ziwiri ndi pang'ono, zonse zatha. Alimi a akavalo kumeneko ali ndi mdani wina: nthenda ya akavalo yofalitsidwa ndi tizilombo ting'onoting'ono touluka toluma madzulo. Nthendayi imapha, ndipo chifukwa cha iyo kugulitsa akavalo ku maiko akunja kunakhala kovuta kwa zaka zambiri. Nayo kampani ya Phumelela, imene inkayendetsa mabwalo angapo a mpikisano, inagwa m'mavuto a ndalama mu 2020.

Poona kuti mtolowu ndi wolemera, anthu ena amasonkherana nkugula kavalo mmodzi, aliyense ndi gawo lake. Kutero kumachepetsa zolipira, koma sikuwonjezera liwiro la kavalo.

Choncho owerenga athu, mwana wanu ali ku Johannesburg kapena ku Durban akakuuzani kuti anzake akumukopa kuti asonkhe nawo za kavalo, mumufunse mafunso awiri: pa mwezi azilipira zingati, ndipo kavaloyo akalephera ndalamazo adzazipeza kuti? Eni akavalo ambiri amataya zambiri kuposa zimene amalandira, ndipo amapirira chifukwa ali ndi chuma china kumbuyo. Amene ndalama yake ikudikiridwa kumudzi kuti igule feteleza ndi malata, ayambe waganiza za khola la ng'ombe.