Tiyi wa pa Khirisimasi ku Nsanje ndi mawu omuperekeza

Munthu wa ku Dedza kapena ku Ntcheu akamva kuti ife a ku Nsanje timamwa tiyi wotentha masana a mwezi wa Disembala amaseka. Kuchigwa cha Shire kumatentha, nthawi zina kufika madigiri 40, choncho iye amaona kuti choyenera kumeneko ndi thobwa kapena madzi a mumtsuko. Koma tiyi wa pa Khirisimasi sitimwera ludzu. M'nkhani ino ndifotokoza chimene tiyiyu amatanthauza kwa mwana wa kumudzi, ndiponso zimene ndidaona pa nkhani ya chiyankhulo tsiku limene ndidapita ndi mwana wa mlongo wanga kutiyirumu ina pa boma la Nsanje, pa 25 Disembala 2023.

M'makomo ambiri kwathu tiyi sakhala wa tsiku ndi tsiku. Masamba ake ndi otsika mtengo, chovuta ndi zomuperekeza: shuga, mkaka ndi buledi. Masiku wamba mwana amafisula mbatata kapena phala, ndipo tiyi akapezeka amakhala wopanda mkaka, shuga wake wongolawitsa. Tiyi wamkaka, buledi wopaka majarini, kenako mpunga ndi nkhuku masana, ndizo zimene mwana amazindikirira kuti lero ndi Khirisimasi. Chaka chimenecho zonsezi kunalibe kwa mlongo wanga. Madzi osefukira a namondwe Freddy m'mwezi wa Malichi adagwetsa nyumba yawo ndi kukokolola nkhuku zonse. Kenako mu Novembala ndalama ya kwacha idachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, mitengo ya zinthu m'magolosale n'kukwera. Ine ndinali nditasungako pang'ono pa ndalama zanga za kusukulu, ndiye ndidati kamtsikanaka, ka zaka zisanu ndi ziwiri, kalawe Khirisimasi ngakhale ya kapu imodzi.

Tiyirumu si malo a ana. Makasitomala ake enieni ndi akabaza, ogulitsa nsomba ndi anthu odikira minibasi za ku Bangula ndi ku Blantyre. Mumakhala tebulo lalitali ndi mabenchi, ketulo yaikulu pambaula, ndi beseni la masikono lovundikira ndi nsalu. Mwana akalowa m'menemo atavala diresi lochapa, n'kupatsidwa kapu yakeyake yosagawana ndi mng'ono wake, amadziona kuti wakula. Ndicho chifukwa ulendo wotere umakumbukika kuposa chakudyacho.

Tiyi amene tidamwa tsiku limenelo ndi wakwathu konkuno, ngakhale ana ambiri a kuchigwa sanauonepo mtengo wake. Amalimidwa kumtunda, ku Thyolo ndi ku Mulanje, kumene Henry Brown adadzala tiyi mu 1891. Shuga ndiye wa m'chigwa momwemo, wa ku Nchalo, kumene kampani ya SUCOMA idayamba kulima nzimbe m'zaka za m'ma 1960, pano kuli Illovo. Mawu okha ndiwo achokera kutali. Liwu loti tiyi tidabwereka ku Chingerezi, koma Angerezi nawo adalilandira kwa amalonda a ku Holland, amene adalimva kwa anthu a m'mbali mwa nyanja ku Fujian, m'dziko la China, komwe amati te. Apwitikizi ankachita malonda awo ku Macau, kumene chakumwa chomwecho amati cha. Zotsatira zake tikuziona pa malire a ku Marka: tsidya lino tiyi ndi buledi, kungowolokera ku Mozambique chá ndi pão. Mawu awiri amene adasiyana njira ku China zaka mazana apitawo adzakumananso kumunsi kwa Shire.

Mayina ena ndi opeka ife tomwe. Mabanzi akuluakulu amene ankatchedwa Bin Laden, ndi ena okoma amene adapatsidwa dzina la Obama munthuyo atatchuka mu 2008, akusonyeza kuti Amalawi sangobwereka mawu, amasewera nawonso.

Tsono vuto lidabuka pa shuga. Mayi amene ankatithirira tiyi anali mlendo m'deralo. Adandiuza pambuyo pake kuti adachokera kumtunda kudzathandiza m'bale wawo pa nyengo ya zikondwerero. Atabweretsa mbale ya shuga adamufunsa mwana uja kuti, "Ndikuthirire wina?" Iye adayankha m'Chisena, chiyankhulo cha pakhomo pawo, kuti, "Ndisafuna." Mayiwo adanyamula mbale ija n'kubwerera nayo. Mwana adangoti kakasi, maso ali pa ine.

Palibe amene adalakwa. M'Chichewa kachigawo ka -sa- kamakana: osapita, ndisanadye, usalire. M'Chisena kachigawo komweko kamaonetsa chinthu chochitika nthawi ino kapena kawirikawiri, moti ndisafuna ndiko kuti ndimafuna kapena ndikufuna. Msena akamakana amagwiritsa ntchito liwu loti nkhabe. Khutu la Mchewa lidamva kukana pamene pakamwa pa Msena padatuluka kuvomera. Ndidawaitana mayiwo kuti, "Pepani amayi, mwanayu akuti akufuna," ndipo shuga adabwerera.

Kachiwiri zidachitika pa sikono. Atalandira, mwana uja adawomba m'manja monga adamuphunzitsira amayi ake n'kunena kuti, "Takhuta." Mayi aja adadabwa: "Wakhuta usanalume n'komwe?" Apa benchi lonse lidaseka, popeza aliyense wa ku Nsanje amadziwa kuti takhuta ndi zikomo. Mawu otere, ofanana kamvekedwe koma osiyana tanthauzo, alipo angapo pakati pa ziyankhulo ziwirizi. Kulonga kwa Msena ndi kuyankhula, pamene Mchewa amalonga katundu. Ine ndimaona kuti mawu amenewa ndi oopsa kuposa mawu achilendo kotheratu, chifukwa liwu lachilendo munthu amafunsa tanthauzo lake, koma liwu looneka lodziwika amangoti wamva.

Kusekako sikudali kwa chipongwe, koma mwana sadakuone choncho. Adaweramitsa mutu, ndipo kuyambira pamenepo ankayankha ndi Chichewa cha kusukulu chokhachokha, motsitsa mawu. Manyazi amenewa si achilendo kwa Asena. Kuyambira mu 1968, pamene Chichewa chidasankhidwa kukhala chiyankhulo cha dziko pamodzi ndi Chingerezi, ziyankhulo zina zidasowa malo pa wailesi ndi m'kalasi. Akuluakulu ambiri a kwathu amene adakagwira ntchito ku Blantyre amasimba kuti ankabisa Chisena chawo poopa kunyozedwa. Nkhani za m'Chisena zidayamba kumveka pa MBC m'zaka za m'ma 1990, ulamuliro wa zipani zambiri utabwera, koma kusukulu ya pulayimale Chichewa ndi phunziro pamene Chisena si phunziro. Mwana wa sitandade 2 amazindikira msanga kuti ndi chiyankhulo chiti chimene chimalembedwa pabolodi.

Chimene chidathandiza si kufotokoza kwanga ayi. Bambo wina wakabaza amene adakhala moyang'anana nafe adamaliza tiyi wake, adapereka ndalama, n'kunena mokweza kuti, "Takhuta, mai!" Mayi aja adaseka, nawonso n'kuyesera kubwereza liwulo, ngakhale lidawatuluka mokhota. Mwana uja adadzutsa mutu.

Titatuluka tidatsetserekera kudoko limene Bingu wa Mutharika adatsegulira mu Okutobala 2010, kukaona mabwato a asodzi pa Shire. Theka la sikono anali atalikulunga m'pepala kuti akapatse mng'ono wake. Tili m'njira adandikoka dzanja n'kufunsa kuti, "Amalume, mayi aja kwawo sathokoza?" Ndidamuuza kuti amathokoza, koma amati zikomo. Adaganiza pang'ono, kenako adati, "Nanga akakhuta amati chiyani?"